Kuchoka ku Sabata m'mbali mwa nyanja ya Chilwa

M'nyanja ya Chilwa muli nsomba zitatu zimene zimasunga anthu: matemba, makumba ndi mlamba. Pa zitatuzi, munthu wa mpingo wa Seventh Day Adventist amadya ziwiri zokha. Mlamba ulibe mamba, ndipo buku la Levitiko mutu 11 limati chamoyo cha m'madzi chopanda mamba n'chodetsedwa. Kwa Msabata wa mumzinda lamuloli ndi laling'ono. Kwathu kuno, kuyambira padoko la Kachulu mpaka kumsika wa Jali, ndi lamulo la m'mbale, makamaka m'zaka ngati 1995 ndi 2018 pamene nyanja inaphwa, mlamba n'kumapirira m'matope nsomba zina zitatha kale.

Ine ndinakulira m'lamulo limeneli, ndipo lero ndimapemphera Lamulungu. Tilipo ambiri otere. Koma kuchoka ku Sabata sikunayambe ndi ife. Kunayamba ndi amene anaubweretsa mpingowo.

Joseph Booth anafika m'dziko muno mu 1892 ali wa Baptist. Atayamba kusunga Sabata anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo mothandizidwa ndi a Seventh Day Baptist, ndipo mu 1902 malowo anagulidwa ndi a Adventist. Booth anabwera nawo limodzi ndi Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, koma iye sanakhalitse. Chaka chotsatira anali atasiyana nawo. Mu 1907 mishoniyo inapatsidwa dzina loti Malamulo. Dzinali silinasankhidwe mwangozi. Mpingo unkadziwika ndi malamulo khumi, makamaka lachinayi, ndipo anthu anaukonda kapena kuuopa pa chifukwa chomwecho.

Wilfred Gudu, amene anaphunzira ndi kugwira ntchito pa Malamulo, anachokanso nakayambitsa mpingo wa Ana a Mulungu ku Thyolo komweko m'zaka za m'ma 1930. Boma la atsamunda linamumanga pa nkhani yokana msonkho. Onani kuti Gudu sanachoke pofuna moyo wofewa. Anachoka pokana kuweruzidwa ndi azungu, ndipo mpingo wake unali ndi malamulo akeake okhwima.

Ife ochoka a masiku ano n'zosiyana. Ambiri tinapita kumene chingwe n'chomasukirapo. Ena analowa mipingo ya Chipentekoste monga Living Waters, umene Stanley Ndovie anayambitsa ku Blantyre mu 1985. Ena tinalowa CCAP, mpingo wakale m'dera lino chifukwa cha mishoni ya Domasi. Mawu oti "mpingo wamakono" pano asasokoneze munthu. Ku Ulaya ndi ku America amatanthauzanso mpingo wodalitsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, pomwe kuno mu July 2023 atsogoleri a mipingo ikuluikulu ndi Asilamu anayenda pamsewu kutsutsa zimenezo. Kwathu, mpingo wamakono ndi umene mayi amavala ndolo osaitanidwa kubwalo, umene mayi amatha kudzozedwa ubusa, ndi umene umalankhula boma likalakwa, monga anachitira mabishopu a Katolika ndi kalata yawo ya mu March 1992.

Nkhani ya amayi ndiyo inapweteka anthu ena ophunzira. Mu 2015 msonkhano waukulu wa Adventist ku San Antonio unakana kupatsa zigawo ufulu wodzoza amayi, mavoti 1,381 okana ndi 977 ovomera. Sinodi ya Blantyre inali itayamba kale kudzoza amayi. Mphunzitsi wina wamkazi amene anatsogolera Dorika zaka zambiri anandiuza kuti tsiku limene anaona mayi akugawa mgonero analira, koma mpaka lero sadziwa ngati unali msozi wachimwemwe kapena wamantha.

Mtima uwiri umenewu ndiwo ndimaupeza mwa pafupifupi aliyense wa ife. Mpumulo ulipo ndithu. Mlimi wa mpunga ku Likangala amakolola Loweruka popanda kuyang'ana kumbuyo. Wa ntchito m'boma, ngati ine, sapemphanso bwana kuti amuchotse pa maphunziro a Loweruka. Koma dzuwa likamalowa Lachisanu thupi limadziwa lokha. Manja amafuna kuika khasu pansi. Ndikudziwa msodzi amene anachoka mumpingo zaka zoposa khumi zapitazo. Amagwira milamba, amaiwamba, amaigulitsa, koma pakamwa pake sinafikepo. Akuti si tchimo, ndi mseru chabe.

Chimene ambiri timasowa kwenikweni ndi Sabata Sukulu. Kumeneko mayi wosadziwa Chingerezi ankatsutsana ndi mkulu wa mpingo za buku la Danieli, vesi ndi vesi, ndipo mkuluyo ankayenera kuyankha. Kumene tinapita kuli zoimbira zamagetsi ndi chisangalalo, kapena kuli dongosolo labwino ndi ulaliki waufupi, koma munthu wamba amamvera basi. Mwa kuona kwanga, mpingo wokhwima uja unkamupatsa munthu wamba mpata wofunsa kuposa ina yomasukayi, ngakhale kuti mayankho onse anali olembedwa kale. Timasowanso misasa, ndi nyimbo za mu Khristu mu Nyimbo zoimbidwa ndi mawu anayi popanda ng'oma. M'kwaya zambiri za Lamulungu mukamva besi wokhazikika bwino, funsani kumene anakulira.

Povuta kwambiri ndi pamaliro. Asabata amaphunzitsa kuti wakufa ali m'tulo, sadziwa kanthu kufikira tsiku la kuuka. Mlaliki wa mpingo watsopano akaimirira pamanda n'kunena kuti malemu ali kale ndi Ambuye, anamfedwa amatonthozeka, khamu lonse n'kuvomera. Mukayang'ana bwino mudzaona awiri kapena atatu amene aweramitsa mutu osayankha Amen.