Nyumba Zakale za ku Zomba

Senderani kuno adzukulu anga, ndikuuzeni za Zomba. Ambiri a inu mumangodutsapo pa minibasi popita ku Liwonde, osadziwa kuti m'mitengo ya kumtunda kuja, m'tsinde mwa phiri, muli nyumba zimene zinamangidwa dziko lino lisanatchedwe n'komwe Nyasaland.

Imodzi mwa zakale kwambiri ndi ija ya nsanja ziwiri zosongoka, imene lero ndi hotela ya Masongola. Inamangidwa cha m'ma 1886 ndi John Buchanan, mzungu wa ku Scotland amene ankalima khofi m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndipo ankamangira kazembe wa Britain, bwana Hawes. Mu 1891 Harry Johnston atabwera kudzakhazikitsa boma la atsamunda, anafikira m'nyumba yomweyo, Zomba n'kukhala likulu. Malamulo a msonkho wa nyumba amene anasowetsa makolo athu mtendere ankachokera kumeneko.

Mabuku amatchula azungu okha kuti ndiwo anamanga. Agogo anga aamuna, amene anagwirako ntchito pa nyumba za boma za m'phirimo ali mnyamata, akamva zimenezi ankangotambasula zikhatho zawo kuti tione zipsera. Ankati tambala akangolira, iwo ali kale m'nkhuti kuponda dothi, ena akuumba njerwa pa chikombole, ena akusonkhezera moto mu uvuni usiku wonse. Njerwa zikapsa, ankazisenza pamutu kukwera nazo chitunda, kapitawo ali pambuyo. Matabwa ankacheka anthu awiri ndi sowo yaitali, wina pamwamba pa chipika, mnzake m'dzenje, utuchi ukumugwera m'maso tsiku lonse. Nyumba ikatha, omangawo sankapondanso pakhonde lake. Akaitanidwa, ankalowera kuseri, kukhitchini, kapena kudzanyamula bwana pa machila.

N'chifukwa chake ine ndikamva wina akuti nyumbazi n'za atsamunda, zigwe basi, mtima umandiwawa. Anagonamo ndi azungu, inde, koma thukuta lili m'makoma amenewo ndi la makolo athu.

Mukamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja yaitali ya njerwa zofiira. Imeneyo ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Tsikani tsiku lina, mukawerenge mayinawo pang'onopang'ono, mwina mukapezapo la kumtundu kwanu. Kwathu akuluakulu ankalira kwambiri amtengatenga, amene anatengedwa mokakamiza kukasenza katundu wa nkhondoyo. Ambiri anathera m'njira ndi njala ndi matenda, ndipo manda awo sitinawaone.

Nyumba ya Malamulo yakale nayo ilipo. M'menemo ndi mmene aphungu anakangana koopsa mu September 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, pamene Dr Banda anasemphana ndi nduna zake, a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi anzawo. Ife anyamata a nthawi imeneyo tinkamva nkhaniyi m'manong'onong'o, poti masikuwo munthu sunkalankhula zandale mokweza. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Kusamuka kwa boma kuja kunatiliza ife a kuno, koma kunapulumutsanso nyumba zambiri, pakuti panalibenso wofuna kuzigwetsa kuti amange zosanja. Zina zinasanduka maofesi, zina malo ogona alendo, ndipo zimenezo zikusamalidwa. Koma zilipo zina zimene malata ake anadyeka ndi dzimbiri, mvula ikungolowa, chiswe chamaliza mafelemu a mawindo, pakhonde pamera udzu. Khoma la njerwa zakale limapirira zaka zambiri bola denga lisadonthe. Likayamba kudontha, madzinja angapo okha khomalo lagwa.

Inu amene mwapita kusukulu, ena mukugwira ntchito m'boma, ena m'khonsolo, musadikire alendo akunja kuti adzakuuzeni kuti nyumbazi n'zamtengo wapatali. Kakonzeni madenga mvula isanagwe, ndipo polemba mbiri yake pachikwangwani, mukalembeponso kuti oumba njerwa ndi ocheka matabwa anali anthu a kuno kwathu.