Thumba lolembedwa kunja

Kwathu ku Dowa thumba silisankha katundu. Lero muikamo chimanga, mawa soya, mkuja mtedza. Koma mukapanda kulemba kunja, mudzamasula pa msika wa Mponela n'kupeza kuti mwanyamula zina. Ndi fanizo limeneli mnzanga wina, amene amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku Dzaleka, anandimvetsetsa generics, ine wophunzira mbiri yakale.

Generics ndi njira yolembera malangizo kamodzi kuti agwire ntchito pa manambala, mayina kapena masiku, koma wolembayo amaneneratu kuti ulendo uno thumbali ndi la chiyani. Mukaponyamo dzina m'thumba la manambala, kompyuta imakana pomwepo.

Lingaliroli si ladzulo. M'zaka za m'ma 1970, Barbara Liskov ndi gulu lake ku MIT analiika m'chinenero cha mapulogalamu cha CLU. Komabe Java inatuluka mu 1995 ilibe generics. Mndandanda wake unkalandira chilichonse, ndipo cholakwika chinkatulukira pulogalamu ili kale m'manja mwa anthu. Anakonza mu 2004. Chinenero cha Go, chomwe Google inalengeza mu 2009, chinadikira mpaka 2022, chifukwa ochipanga ankaopa kuti chikhala chovuta kuwerenga.

Ife a mbiri timaganiza kuti zakompyuta zimangothamanga. Apa nzeru imodzi yatenga zaka pafupifupi 50 akatswiri akukangana. Mnzangayo amailemba m'mzere umodzi, ndipo mkanganowo anaumva kwa ine.