Mzimba: kwawo kwa ophunzira, ntchito kutali

Mu 1902 m'busa wa ku Scotland, Donald Fraser, anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora n'kukaikhazika ku Embangweni m'boma la Mzimba, komwe anaitcha Loudon. Pamalopo panamangidwa tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu m'mayimbidwe a Chingoni, ndipo nyimbozo zikumvekabe m'matchalitchi a CCAP kumpoto. Mu 1904 dziko la M'mbelwa, mfumu ya Angoni, linalowa mu ulamuliro wa Britain, kenaka msonkho unafika.

Sukulu inatsegula maso a anyamata, msonkho n'kuwadzutsa pakhomo. Poti kwawo kunalibe wowalemba ntchito, analowera kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Mu 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Komabe njira ya ku Joni sinamere udzu ayi. Nyumba zambiri zamalata ndi mashopu pa Mzimba boma ndi pa Jenda n'zomangidwa ndi ndalama za kumeneko, koma m'midzi ana ambiri akukula osamuona bambo.

Chiyembekezo cha mafakitale chinali ku Chikangawa. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linakulitsa nkhalango ya paini pamapiri a Viphya mpaka mahekitala pafupifupi 53,000, cholinga chili kudyetsa fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inasanduka ya matabwa, ndipo kuyambira 1999 kampani ya Raiply ikupanga mapulayiwudi kumeneko. Anthu apezako ntchito, koma moto wolusa ndi macheka zadya nkhalangoyo kuposa mmene ikubzalidwira.

Chomwe chakhala chikusoweka ndi sukulu yaukachenjede yolumikiza maphunziro ndi chuma cha m'deralo. Mu 2015 Peter Mutharika anaika mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera pafupi ndi Mzimba boma, yomwe pambuyo pake inatchedwa dzina la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Inakonzedwa kuti idzaphunzitse za ziweto, maphunziro oyenera dziko la Angoni, kumene ng'ombe ndiye chuma ndi malowolo. Ntchito yomanga yakhala ikuyenda mwapang'onopang'ono.

Mzimba yaphunzitsa ana ake kwa zaka zoposa 120, koma thukuta lawo latukula mizinda ya eni. Boma limalize yunivesiteyi, ndipo makampani a matabwa, nyama ndi mkaka agwirane nayo manja, kuti mwana wa ku Embangweni apeze ntchito osayamba wafuna pasipoti.