Mbiri ya Chimake cha Mpeni

Kale munthu wamwamuna sankayenda ulendo wopanda mpeni. Ndi mpeni ankasenda nyama, kusema mpini wa khasu ndi kung'amba luzi. Koma mpeni wapoyera ulibe chibale, umacheka ngakhale mwiniwake. Chifukwa chake anthu akale anaupangira chimake, ndiko kuti kathumba kolimba kosungiramo mpeniwo.

Mbiri ya chimake ndi yogwirizana ndi mbiri ya chitsulo. Zimene anafukula akatswiri pa Nkope, m'boma la Mangochi, zisonyeza kuti anthu a m'mbali mwa nyanja anali kugwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pambuyo pake Amaravi, amene mfumu yawo Kalonga inali ndi likulu pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, anatchuka ndi luso limeneli. David Livingstone atafika kumapiri a m'mbali mwa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo ndi kusula nkhwangwa, mikondo, mivi ndi singano.

Ntchito ya chitsulo ndi ya zikopa zinali kudalirana. Mvukuto wokolezera moto pachipala unali wa chikopa cha mbuzi, ndipo mpeni wotuluka pachipalapo unali kufunanso chikopa.

Kapangidwe kake kanali kotere. Mmisiri ankatenga chikopa cha mbuzi kapena cha gwape, nachitambasula pansi ndi kuchikhomera zikhomo kuti chiume. Chitauma ankachipala mpaka mafuta ndi tinyama tonse titachoka, pakuti zimenezi ndizo zimawoletsa chikopa. Kenaka ankachifufuta ndi manja, nachidzoza mafuta kuti chifewe. Tsono ankagoneka mpeni pachikopapo ndi kudula mozungulira, kusiya malo ngati chala chimodzi m'mphepete. Atachipinda pakati, ankaboola timabowo ndi lisungulo, nasoka ndi mitsempha ya nyama. Mmisiri wanzeru ankaika kachidutswa kena ka chikopa pakati pa msokowo, kuti kunsonga ndi kukamwa kwa mpeni kusadule mitsemphayo. Potsiriza ankanyowetsa chimake, nalowetsamo mpeni. Chikopa chikamauma chimakhwinyata, motero chinkagwira mpeniwo zolimba, osagwa ngakhale munthu athamange. Ena ankasema timatabwa tiwiri, natiphatikiza ndi kutimanga ndi chikopa chachiwisi.

Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, anali anthu a ng'ombe, ndipo anali odziwa bwino ntchito ya zikopa, pakuti zishango zawo zinali za chikopa cha ng'ombe. Koma m'zaka za m'ma 1890 kunagwa mliri woopsa umene unapha ng'ombe ndi nyama zambiri za m'tchire m'maiko a kuno ku Africa, ndipo zikopa zinasowa m'madera ambiri.

Nthawi yomweyo malonda anasintha. Kampani ya African Lakes, imene inayamba m'chaka cha 1878 ndi kutchuka ndi dzina la Mandala, pamodzi ndi amalonda ena, inabwera ndi nsalu ndi zitsulo za kunja. Anthu anaona kuti kugula m'sitolo n'kwapafupi koposa kukumba miyala, kuwotcha makala ndi kuchezera pang'anjo. Pang'onopang'ono ng'anjo zinazima. Kunabweranso mipeni yopinda, imene sifuna chimake, pakuti imabisala mumpini wake womwe.

Komabe lusoli silinatheretu. Asodzi, osema ndi ophera nyama akali kufuna mipeni yaitali, ndipo mpeni wotere ukasungidwa poyera umachita dzimbiri, umabuntha, mwinanso kuvulaza mwana. Chikopa cha mbuzi imodzi chikwanira zimake zingapo, koma m'midzi yambiri chimangotayidwa kapena kugulitsidwa motchipa. Amene anaona lusoli ndi maso awo ndi okalamba, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Mnyamata wofuna kulidziwa ayenera kutenga chikopa ndi kukakhala pafupi ndi mkulu wotere akali moyo, pakuti luso la manja sililowa m'mutu ndi makutu okha.