ZA NDARAMA ZOLERERA ANA KU BRITAIN

Abale, pamene njala igwa m'mudzi, ndipo mfumu iri ndi nkhokwe imodzi yokha, kodi igawire nyumba zonse mofanana, kapena iyambe yafufuza amene alibe kanthu? Funso lotere linabvuta anthu a ku Britain zaka zambiri pa nkhani ya ndarama zolerera ana, ndipo tiyesa kuti mbiri yace itipatsa nzeru.

Ku mzinda wa Liverpool kunali mai wina, dzina lace Eleanor Rathbone, wobadwa m'caka ca 1872. Iyeyu anaona kuti malipiro a nchito sayang'ana kukula kwa banja: mnyamata wosakwatira ndi atate wa ana asanu alandira cimodzimodzi. M'caka ca 1924 analemba buku, The Disinherited Family, nanena kuti Boma lipereke ndarama kwa amai cifukwa ca ana ao.

Mau ace anacedwa kumveka, kufikira anthu analawa kuwawa kwa kufufuzidwa. Pakuti kuyambira 1931, munthu wosowa nchito akapempha thandizo, wofufuza wa Boma anafika kwace, nawerenga malipiro a onse a m'nyumbamo. Mwana wamkuru akakhala pa nchito, thandizo la atate wace linacepa. Cifukwa cace anyamata ena anacoka pakhomo pa makolo ao, kuti banja lingamanidwe. Anthu anadana nako kufufuzako, pakuti kunawacititsa manyazi.

Tsono m'caka ca 1942 William Beveridge analangiza Boma kuti lithandize mabanja a ana, ndipo m'caka ca 1945 lamulo linakhazikika: masheleni 5 pa sabata kwa mwana ali yense, kupatula woyamba, osafunsa cuma ca makolo. Poyamba anati ndaramazo zikhale za atate, koma Rathbone analimbika m'Nyumba ya Malamulo kufikira anabvomera kuti zikhale za mai. Iye anamwalira mu January 1946, osaona malipiro oyamba, amene anaturuka mu August caka comweco. M'caka ca 1977 anayamba kuwerengera mwana woyamba yemwe.

Koma ena anafunsabe, Kodi nkoyenera kuti wosauka akhome msonkho wolerera mwana wa wolemera? Motero mu January 2013 Boma linalamula kuti nyumba imene kholo limodzi lilandira koposa mapaundi 50,000 pa caka ibwezeko gawo, ndipo pa mapaundi 60,000 ibweze zonse. Taonani cimene cinaturukamo: mwamuna ndi mkazi olandira mapaundi 49,000 ali yense anasunga zonse, koma mai wolera yekha ana, wolandira 60,000, anataya zonse, ngakhale nyumba yace inali yocepa cuma. M'caka ca 2024 anakweza malirewo kufika 60,000 ndi 80,000.

Nkhaniyi si ya kutali kokha. Ku Malawi, thandizo la Mtukula Pakhomo linayamba ku Mchinji m'caka ca 2006, posankha nyumba imodzi mwa nyumba 10, zosaukitsitsa ndi zosowa wogwira nchito. Ku Zambia m'caka ca 2010, m'maboma a Kalabo, Kaputa ndi Shangombo, anayesa njira yina, napatsa nyumba za ana ang'ono osafufuza cuma cao.

Tinene ciani tsono? Kusankha kusunga ndarama, ndipo cocepaco cifika kwa wosowadi. Koma kufuna ofufuza, kubala nsanje pakati pa anansi, ndipo pa malire pamagwa ena osalakwa. Kupatsa onse kudya ndarama zambiri. Koma palibe wocita manyazi, palibenso mwana woiwalika. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cotero pamene tidzaitanidwa ku bwalo kukachula maina a olandira, tisafunse kokha kuti tasunga zingati, koma tifunsenso kuti, Mwana amene tamsiya kunja adzadya ciani?