Mudzi wa Patsinde pa Phiri la Nkhoma

Munthu wopatuka pa Kamphata, kusiya mseu waukulu wa ku Dedza nalunjika chakum'mawa, sangazindikire msanga kuti mudzi umene uli patsinde pa Phiri la Nkhoma unabadwa ndi mantha. M'masiku a nkhondo, pamene Angoni anali kufunkha midzi ya Achewa, natenga dzinthu, ziweto ndi anthu omwe, mfumu Mazengera inakwera ndi mbumba yake kukakhala pakati pa matanthwe a phirilo, kumene nyumba zinali zothinana ndipo madzi anali osowa. Ndipo wotsikira kumunda wa kuchigwa ankalima khutu lili tcheru, posadziwa ngati dzuwa likalowa iye ali ndi moyo.

M'chaka cha 1896 anafika amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene anali atakhazikika kale ku Mvera kuyambira 1889, ndipo Mazengera anawalandira, poyembekeza kuti azungu akamanga pafupi, adani adzaleka kumsautsa. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nthungo zitagonekedwa, anthu anatsika pang'onopang'ono, namanga poyera, naphunzira kuumba njerwa, kupala matabwa ndi kusoka nsapato. Chipatala chinayamba mu 1915, ndipo kufikira lero odwala maso amachokera kutali kudzafuna thandizo kumeneko. Koma chimene ine ndichiyesa chuma choposa cha malo ano ndicho zolembedwa, pakuti makina osindikizira a pa Nkhoma anadzaza masukulu a m'midzi ndi mabuku a chinenero chathu, mbusa William Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922, ndipo mphunzitsi Samuel Josia Ntara analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, kuti zimene agogo ankakamba pamoto zisafere m'kamwa.

Kalumo kaja, komabe, sikanamete zonse. Ng'oma za gule wamkulu, zimene amishoni anazitsutsa kolimba, sizinatonthole m'midzi yozungulira, ndipo mkamwini amakalimabe munda wa kuchikazi monga anachitira makolo ake, ngakhale ukwati wake anaudalitsira m'tchalitchi.

Lero mphunzitsi, namwino ndi mnyamata wa kabaza amakumana pamsika umodzi, koma ambiri a m'mudzimo amadalirabe khasu ndi mvula: chimanga cha nsima, mtedza, soya ndi fodya za ndalama. Minda yachepa chifukwa mbumba yachuluka, nthaka yaguga, feteleza wakwera mtengo. Ndipo nzomvetsa chisoni kuona mayi amene anagulitsa chimanga kwa mavenda pamtengo wolira atangokolola, kuti alipire fizi ya mwana, akubwerera kumsika womwewo mwezi wa February kukachigulanso modula, nkhokwe yake itapita mphepo.