Za Nthenda ya Akazi Ovulala Pobala, ndi Anthu Amene Anafuna Macizo Ace

Tonse tidziwa za mkazi amene acedwa masiku atatu kapena anai pobala, mwana nafera m'mimba, ndipo pambuyo pace madzi a m'thupi angoturuka osaleka usana ndi usiku. Kumidzi ena amati wacita cigololo, ena amati wamlodza. Si kutero ai. Mutu wa mwana ukakhala nthawi yaitali utapanikiza mnofu pa pfupa la m'cuuno, mwazi suyendanso pamenepo; mnofuwo ufa, nuboola cikhodzodzo kufikira ku njira yobadwira mwana. Asing'anga a cipatala aicha fistula.

Nthendayi ndi yakalekale. M'caka ca 1935 anaipeza pa mtembo wouma wa Henhenit, mkazi wa mfumu ya ku Aigupto, amene anafa zaka ngati 4,000 zapitazo. Ambiri anayesa kusoka bala lotere, koma kawirikawiri linkatsegukanso.

Kuyambira 1845 kufikira 1849 Dr. James Marion Sims wa ku Montgomery, Alabama, anayesa njira zace pa akazi akuda amene anali akapolo. Maina atatu okha ndiwo tiwadziwa: Anarcha, Betsey ndi Lucy. Anarcha anamcita opareshoni ngati 30, wopanda mankhwala ogonetsa, ngakhale mankhwalawo anayamba kudziwika mu 1846. Anzace a Sims atatopa namsiya, akaziwo ndiwo anagwirana wina ndi mnzace pa gome, namthandiza nchito. Potsiriza anasoka ndi waya wa siliva m'malo mwa ulusi wa silika, ndipo bala linapola. Mabuku akale atama Sims yekha. Ife titi ulemu wao wa akaziwo unabedwa, pakuti kapolo sakhoza kukana. Mu 2018 a ku New York anacotsa fano lace ku Central Park.

Nzeruyo inayenda dzanja ndi dzanja. Heinrich Martius wa ku Jeremani anaonetsa mu 1928 kuti mnofu wamoyo wotengedwa pafupi ukhoza kulimbitsa msoko. Naguib Mahfouz wa ku Cairo ndi Chassar Moir wa ku Oxford analemba zimene anaona pa odwala ao.

Zolemba zotere ndizo anaphunzira Dr. Reginald Hamlin ndi mkazi wace Dr. Catherine Hamlin, atafika ku Addis Ababa mu 1959 kudzaphunzitsa azamba. Asanafike kumeneko anali asanaonepo nthendayi, koma anapeza akazi ambirimbiri akudza pansi ulendo wa masiku, atabvala nsanza, okanidwa ndi amuna ao. Mu 1974 anatsegula cipatala ca nthenda yomweyi yokha, cosalipiritsa, ndipo wocira aliyense amapita kwao ndi cobvala catsopano.

Koma imvani za Mamitu Gashe. Iye anafika kwa a Hamlin mu 1962, mtsikana wa zaka 16, mwana wace atafa, iye mwini atavulala koopsya. Atalandira thandizo sanabwerere kumudzi. Anayamba ndi kuyala makama, kenaka kupatsira Dr. Reginald zipangizo, kenaka kutsiriza msoko, kufikira anakhoza opareshoni yonse yekha, ngakhale sanalowepo m'sukulu. Reginald anamwalira mu 1993, Catherine mu 2020. Madokotala ambiri ocokera ku maiko ena, okhala ndi makalata a masukulu akuru, anaima pambali pa Mamitu kuonerera manja ace, nabwerera kwao kukacita comweco.